Simbi Yomwe Inkadya Moto wa Sola

Chaka cha chilala chija, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, magetsi ku Chipata ankabwera ngati mlendo wongodutsa, wolonjera ali chiimire. Ankati madzi achepa kudamu. Ife tinkangodziwa kuti ukatereka tiyi pa mbaula yamagetsi, uyambe wakoleza makala pambali.

Amuna anga anali kalaliki kudepoti yogula thonje, koma mumtima mwawo anali injiniya amene dziko linalephera kumuzindikira. Panalibe wailesi m'nyumba mwathu imene sinang'ambidwepo mimba, ndipo poibwezera pankatsala tizitsulo tiwiri kapena titatu, timene iwo ankati a fakitale anangoikamo mwachibwana. Loweruka lina anapita ku Mwami, kuchipata cholowera ku Malawi, kukaonana ndi dalaivala wina wa thiraki. Anabwerako madzulo pa vaneti, kagalimoto konyamula katundu, atakhala kumbuyo, atakumbatira katundu ngati akuchokera kuchipatala cha amayi oyembekezera.

"Amake mwana, tulukani muone! Kuyambira lero a malaiti azibwera kuno kudzapala moto."

Katunduyo anali patatu. Panali galasi lakuda lalikulu ngati chitseko cha kabati, batire la lole, ndi kabokosi kachitsulo kotchedwa inveta. Anatifotokozera ine ndi ana, titakhala pamkeka ngati tili pa katekisimu, kuti galasi limamwa dzuwa, batire limasunga motowo, ndipo inveta imausandutsa kuti ukhale wofanana ndi wa pakhoma. Batire likakhuta, inveta inkayatsa kadiso kobiriwira. Moto ukachepa inkalira ngati mwanapiye wosochera, kenako zonse zii.

Anzathu ena amene anali ndi sola ankaikhomera padenga. Ife ayi. Amuna anga anati padenga n'kuitana akuba ndi belu. Anakhoma kathandala ka matabwa kuseri kwa nyumba, kofika m'chiuno, kopendekeka pang'ono. M'mawa uliwonse tinkanyamula galasilo awiri kukaliika pamenepo, madzulo n'kulilowetsa. Linkagona kunsi kwa bedi lathu litafunda bulangeti la alendo. Malamulo analipo ambiri, koma lalikulu linali limodzi, ndipo ankalinena atakweza chala: simbi yamagetsi isayandikire inveta. "Simbi ndi mfiti ya batire," ankatero. "Imayamwa moto wa tsiku lonse musanamalize kolala imodzi."

Sindinama, miyezi yoyamba sola inatikweza. Mzere wonse wa nyumba ukakhala mumdima, kwathu kunkayaka mababu awiri ndi kawailesi kakanema kopanda mitundu. Koma amene ndinapindula kwenikweni ndinali ine. Ndinkaphunzitsa kupulayimale, ndipo ndikaweruka ndinkasoka. Makina anga opalasa ndi mapazi ndinali nditapatsa mng'ono wanga wa ku Katete, amuna anga atandinyengerera kuti mkazi wa munthu wotsogola amasokera amagetsi. Sola itabwera ndinaiwala zowadandaula.

N'chifukwa chake ndinatsegula pakamwa kwambiri ku Chiparamba, kwawo kwa amuna anga, tsiku limene abale anakhala pansi kukonza ukwati wa mlamu wanga. Iyeyu anali mzime wa apongozi anga, msungwana wofatsa woimba kwaya kutchalitchi. Chimanga chinali chitapsa m'minda, ndipo aliyense ankayang'ana pansi akafunsidwa chimene adzabweretse. Ine ndinati diresi la mkwatibwi ndisoka ndine, ndi velo yomwe.

Apongozi anandiyang'ana m'manja, osati kumaso.

"Manja a choko amenewa, aphunzitsi?"

Anthu anaseka, inenso ndinaseka, koma zinandiwawa. Zaka khumi ndi chimodzi ndili pabanjapo, mayi amenewa anali asananditchulepo dzina lina koma aphunzitsi. Sikunali kutukwana. Akazi a ana awo ena, olima nawo mtedza ndi thonje, ankawaitana kuti mwana wanga. Ine ndinali aphunzitsi, munthu womuyalira mkeka watsopano ndi kumubisira mbale yobooka. Ndinalumbira chamumtima kuti diresi limenelo adzaliona, adzameza mawu awo.

Kutatsala milungu iwiri, apongozi anabwera kwathu kudzabayitsa jakisoni wa mawondo kuchipatala. Anafika ndi thumba la masamba a chitambe, poti chilala chinapha chimanga koma khobwe anapirira. Masiku angapo alionse msuweni wa amuna anga ankabweretsa thumba lina panjinga. Sindinafunse. Apongozi safunsidwa za m'thumba mwawo. Mlungu womwewo magetsi anapitiratu. Tinamva kuti china chake chapsa kumsewu waukulu ndipo chosinthira chichokera ku Lusaka. Ine sindinade nkhawa. Nsalu yoyera yoterera ndinali nditadula kale, sola inalipo, dzuwa la mwezi wa Meyi linkawala tsiku lonse popanda kamtambo.

Lolemba nditaweruka ndinakhala pamakina. Ndinasoka msoko umodzi wam'mbali, ndipo ndili pakati pa wachiwiri mwanapiye uja analira. Makina anaima singano ili m'nsalu. Lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu sindinafike n'komwe pothera ulusi wa m'bobini.

Amuna anga anavula shati. Anatsuka mitu ya batire ndi madzi otentha ndi soda. Analitengera panjinga kugalaja, kumene anawauza kuti batire lilibe matenda, langokhala ndi njala, ndipo sakanalidyetsa chifukwa nawonso anali mumdima. Anasintha mawaya. Anatsegula inveta, n'kutsala ndi kasikuluwu kamodzi m'manja. Kenaka anatulukira kuti wolakwa ndi mtengo wa papaya wa aneba, ndipo anapita kukapempha mwaulemu wonse kuti audule. Aneba anawaonetsa kuti mthunzi wa papayayo umagwera kwawo komweko, n'kuwapatsa papaya mmodzi kuti asabwerere chimanjamanja.

Ndinawauza kuti ndikabwereke makina opalasa kwa atelala a pakhonde la sitolo. Anandiyang'ana ngati ndanena kuti ndikagone kwathu. Anati tauni yonse idzamva kuti sola yawo yagonja. Ndinapitabe mobisa, koma sukulu zinali zitangotsegulidwa ndipo telala aliyense anali atakwiririka m'mayunifolomu.

Galasi lokha ndi limene sanalikayikire. Madzulo aliwonse tinkalipeza likung'anima, lopanda ndi kafumbi komwe. "Mwaona amayi?" ankatero amuna anga, podziwa kuti olipukuta ndi apongozi amene ankatsala pakhomo. "Munthu wa kumudzi, koma akudziwa kusamala chinthu kuposa anthu ophunzira." Apongozi ankangomwetulira ali pamkeka, akusisita mawondo. Kuchipinda kwathu kunayamba kumveka kafungo ka ndiwo zamasamba. Ndinatsuka pansi kawiri, ndinanunkhiza ana m'manja, sindinapeze kanthu.

Mlungu wachiwiri mlandu unandipeza ine. Amuna anga anaima pakhomo la chipinda atanyamula shati yawo yoyera.

"Amake mwana, shati iyi yasitidwa ndi chiyani?"

"Ndi simbi yamakala. Ina ija mwailetsa."

"Yamakala imasiya kaphulusa. Apa kaphulusa kali kuti?"

"Ndiye ndalakwa posita bwino?"

"Ine sindikukangana. Sayansi sinama. Moto ukulowa, moto sukupezeka. Alipo akuudya."

Ndinapsa mtima moti ndinaluma lilime. Ine amene diresi linkandisowetsa tulo, ndibe moto wa makina anga omwe kuti ndisite shati ya kalaliki wa thonje? Ndinawauza kuti ngati sayansi yawo ili ndi maso, ibwere idzasoke yokha. Masiku awiri tinkanyamula galasi lija m'mawa osalankhulana, wina uku wina uku, ngati anthu onyamula maliro a munthu amene sankamukonda.

Lachinayi, ukwati uli mkuja, diresi linali lidakali zidutswa: thupi lolumikiza theka, manja padera, zipi m'pepala. Tsiku limenelo kusukulu kunalibe madzi, ndipo ahedi anatibalalitsa nthawi ya teni. Ndinafika kunyumba dzuwa lisanafike pamutu, ndinazungulira kuseri kuti ndikasambe m'manja, ndipo ndinaima.

Galasi silinkaoneka. Linali litagonekedwa bwinobwino, njerwa itaikidwa kunsi kuti lisapendekeke, ndipo pamwamba pake, kuchokera ngodya mpaka ngodya, panali chitambe chofutsa chitayanikidwa mokhuthala ngati chala. Apongozi anali ataima pambali akutembenuza masambawo ndi manja awiri, akuimba nyimbo ya Maria chapansipansi.

"Mwaweruka msanga, aphunzitsi," anatero mosatekeseka. "Bwerani muone. Thebulo la mwana wangali ndi lodalitsika. Kumudzi mfutso umatenga masiku atatu, apa tsiku limodzi wauma kuti gwa. Nkhuku sizifikapo, fumbi kulibe, ndipo ine sindiwerama. Azungu akafuna kuganiza amaganiza."

"Amayi, mwakhala mukuyanika apa masiku onsewa?"

"Mukangotuluka. Ikamakwana folo ndimachotsa, ndimapukuta ndi kansalu konyowa, kuti mwini wake asadandaule. Chinthu cha mwini umachibweza monga unachipezera."

Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Akanakhala mwana wanga, aneba akanamva mawu anga mpaka kumsika. Akanakhala amuna anga, ndikanasunga nkhaniyo kuti ndiziitulutsa chaka ndi chaka pa Khirisimasi. Koma awa anali apongozi. Kwathu kuno mkamwana sauza apongozi ake kuti mwalakwa, ngakhale atakhala pa chipewa cha bambo mfumu. Ndinagwada pambali pa thandala, ndipo poti ndinasowa poyambira ndinafunsa kuti mfutso wonsewu ndi wa chiyani.

Ananditengera kuchipinda kumene ankagona, n'kukoka dengu kunsi kwa bedi. Munali mfutso wodzaza, womangidwa m'mapepala a shuga.

"Nkhokwe ilibe kanthu," anatero. "Mbuzi zinapita mu Febuluwale. Ufa wa paukwati ndi wachikasu uja wothandizidwa. Azilongo ake abweretsa nkhuku, inu mukusoka diresi. Nanga ine make, ndidzaike chiyani pamaso pa anthu? Azidzati mayi uja anabwera ndi mawondo okha? Mtedza wotendera ndinabisa pang'ono. Anthu adzadya ndiwo za m'manja mwanga."

Mkwiyo wanga wonse unathera pomwepo, ndipo ndinamva chisoni chimene sindinachiyembekezere. Milungu iwiri ine ndi mayi amenewa tinkalimbirana dzuwa limodzi, tonse chifukwa cha msungwana mmodzi, wina osadziwa za mnzake.

Tinabwerera kuthandala. Ndinayamba chapatali, monga timayambira nkhani ya maliro. Ndinayamikira mfutso. Ndinayamikira kupukuta kwawo. Kenaka ndinati, "Amayi, galasi ili lili ngati mwana woyamwa. Chakudya chake ndi dzuwa. Likayamwa limapatsira batire, batire n'kupatsira makina anga. Likafunda, limagona ndi njala."

Anayang'ana masamba, anayang'ana waya wochoka pagalasi kulowa pawindo, anandiyang'ana ine.

"Kamwanapiye kolira madzulo kaja?"

"Ndi njala imeneyo, amayi."

"Ndiye diresi la mwana wanga ndakhala ndikulipha ndine?" Anagwira pakamwa. "Mayo ine. Ndipo zija mumakangana za simbi zija..."

Tinawola chitambe chija awiri, tinakachiyanika padenga la khola la nkhuku, ine nditakwera pampando. Tinachotsa njerwa. Koma dzuwa la theka la tsiku silikanadzutsa batire limene linali litasala kudya milungu iwiri. Madzulo ndinalumikiza dzanja limodzi la diresi, mwanapiye n'kulira.

Amuna anga, amene ankamwa tiyi, anaika supuni pansi. Anati nkhaniyi ithe lero, ndipo mboni ilipo. Anatembenukira kwa mayi awo.

"Amayi, inu mumakhala pano tsiku lonse. Ndinu munthu wa Mulungu, simunama. Ndani amagwira zinthu zanga ine ndikachoka?"

Ndinaona apongozi akutsegula pakamwa kuti aulule. Ana athu anali pomwepo, maso ali tong'o. Mayi wamkulu, wamasiye, mlendo m'nyumba ya mwana wake, anali pafupi kuvula ulemu wake pamaso pa zidzukulu, ndipo ndinkawadziwa amuna anga: sakanawakalipira, koma akanaiseka nkhaniyo mpaka ku Chiparamba konse kukanamva.

"Ndine," ndinatero. "Ndimathamangira kuno nthawi yopuma kudzasita. Simbi ija."

Sindinaonepo munthu akusangalala ndi kulakwiridwa ngati mmene anasangalalira amuna anga tsiku limenelo. Anaimirira. Anayenda uku ndi uku manja ali kumbuyo. Anandikhululukira kawiri, n'kundifotokozeranso za mfiti ya batire kuyambira pachiyambi. Ine ndinangoti zyoli, mano ndikukukuta. M'mawa mwake anatenga simbi yamagetsi ija, anaikulunga m'nyuzipepala, n'kupita nayo kuntchito m'chikwama.

Lachisanu limenelo ndinapempha ahedi kuti ndiweruke masana. Ndinapeza apongozi atakhala pampando pafupi ndi thandala, ndodo ili m'manja. Anali atazindikira okha chimene injiniya wathu sanachiganizepo: dzuwa limayenda. Kuyambira m'mawa ankatembenuza galasi pang'onopang'ono kuti liziyang'anizana nalo. Nkhuku ikayandikira, ndodo. Mpheta ikatera, ndodo. Aneba aja a mtengo wa papaya anabwera kudzawalonjera, ndipo asanamalize moni anauzidwa kuti, "Sunthirani uko, amayi, mthunzi wanu ukudya diresi." Anabwerera kwawo akuganiza kuti jakisoni wa mawondo wakwera kumutu.

Cha m'ma folo kadiso kobiriwira kanayaka. Ndinakhala pamakina osavula ndi nsapato zomwe. Apongozi anakhala pansi atanyamula nsalu yotsalira pamiyendo kuti isakhudze simenti, akundipatsira pang'onopang'ono. Dzanja lachiwiri linalowa. Siketi inalumikizana ndi thupi. Zipi inandivuta, ndinaimasula, ndinabwerezanso. Amuna anga anafika pakhomo ndi chikwama chawo cha simbi, anamva makina akulira, ndipo anatambasula manja.

"Mwaona? Tsiku limodzi lokha popanda simbi!"

Apongozi anatsokomola. Ine ndinaponda makina mwamphamvu.

Mwanapiye analira nditangotsiriza zipi. Kunatsala mpendero wonse wa m'munsi, wautali ngati ulendo wa ku Lundazi, ndi velo. Ndinatulutsa singano yamanja. Apongozi anatambasula dzanja, ndinawapatsa ina. Tinakhala pakhonde kuti tipezerepo kuwala kotsala, iwo kuyambira mbali iyi, ine mbali inayo. Titakumana pakati ndinayerekeza misoko. Yawo inali yaing'ono, yofanana ngati mapira, yosaoneka kunja. Yanga inali ya manja a choko. Anaiyang'ana, anaisisita ndi chala, ndipo sananene kanthu. Ndinawathokoza mumtima chifukwa cha kukhala chete kumeneko.

Loweruka mlamu wanga analowa m'katchalitchi ka kwawo atavala diresi lija, ndipo amayi a m'mudzi analuluta mpaka katekisiti anachita kuwakhazika pansi. Ine ndinalira, mwina chifukwa cha chimwemwe, mwina chifukwa cha zipi imene ndinkaipempherera kuti isaphulike pogwada. Inapirira.

Pa chakudya nkhuku zinatha msanga monga zimathera. Chimene chinapulumutsa phwando chinali mfutso wotendera. Anthu ankabweza mbale kuti awonjezere, amuna akuluakulu akunyambita zala. Ine ndinkagawa madzi osamba m'manja, ndipo nditafika pansi pa mtengo wa mango pamene panakhala amuna, ndinapeza injiniya wathu ali pakati pa nkhani. Anali atafotokoza kale za galasi, batire ndi inveta. Tsopano anali pa mutu wa simbi.

"Akazi, abale anga, ngakhale aphunzire bwanji! Milungu iwiri akundibera moto, akukana kuti mbee. Diresi mwalionali likanakhala zidutswa. Ine ndinangoti chete, ndinafufuza mwasayansi, mpaka anavomera okha. Si choncho, amake mwana?"

Amuna onse anaseka. Amalume a mkwati, anthu oti andiona koyamba, ankandiyang'ana akupukusa mitu. Ndinaima ndi beseni langa m'manja. Bodza ndinalinena ndekha, ndipo ndinayenera kulisenza, koma sindinadziwe kuti lidzalemera chotere pagulu.

Sindinawaone apongozi akubwera. Ndinangomva ndodo yawo ikugunda pansi kumbuyo kwanga. Anali ndi mbale ya mfutso m'dzanja linalo. Anathira pang'ono m'mbale ya mwana wawo, n'kudikira mpaka atatapa ndi kuika m'kamwa.

"Zikukoma?"

"Kwambiri, amayi."

"Idya, ndi za pagalasi lako. Ndinkayanika pamenepo tsiku lililonse iwe ukapita kuntchito. Simbi imene ukuuza anthuyi ndinali ine." Anatembenukira kwa amalume a mkwati. "Mkazi uyu anandipeza, sanandikalipire. Mwana wangayu atandifunsa pamaso pa zidzukulu zanga, iye anasenza mlandu wanga. Sekani ine, ndine nkhalamba yoyanika ndiwo pa malaiti. Uyu musamuseke."

Amuna anga anatsala ndi chakudya m'kamwa, osatafuna, osameza. Kenaka mmodzi wa amalume aja anafunsa mwaulemu ngati chikwama chimene anawaona nacho amuna anga dzulo m'tauni chinali cha simbi yomweyo, ndipo pansi pa mango paja panagwa anthu ndi phwete. Koma tsopano sankaseka ine.

Apongozi sanadikire kuti kuseka kuthe. Anandilanda beseni, anapatsa msungwana wina, n'kundigwira pamkono ndi dzanja lawo lonunkhira mtedza.

"Tiye, mwana wanga," anatero. "Sunadye chidzukire. Ndakubisira mbale."